Press brake ikupinda bwino m'mawa, masana ngodya ikuthawa

aPhiri, Graniteside ku Harare: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Press brake yathu (makina opindira zitsulo) ya hydraulic, ya matani 100, bedi la mamita 3, yandizunguza mutu. Tikupinda mapuleti a 3 mm pa V24, die (chitsulo chapansi chopindirapo) ya mpata wa V wa 24 mm. M'mawa ngodya ikutuluka 90 mbali zonse. Ikangokwana 2 koloko masana, kumanja 90, kumanzere 92 mwina 93. Mnyamata wanga wayamba kulowetsa timapepala pansi pa die kuti zifanane. Kasitomala akufuna mafelemu ake Lachisanu.

aBanda, Workington: Achimwene, timapepalato chotsani kaye. Pukutani die ndi bedi lonse. Makoko akuda a puleti aja amagwera mu V, ena amalowa pansi, die n'kukhala mopendekera.

aPhiri: Tapukuta, bambo. Die tinaitembenuzanso, ya kumanja kupita kumanzere. Vuto latsalabe kumanzere.

aNkhoma, Msasa: Ndiye die mwaichotsa pa mlandu. Crowning, yotukula pakati pa bedi, nayonso ayi, ikanakhala imeneyo ngodya ikanatseguka pakati, osati kumapeto kumodzi. Ine chandigwira mtima ndi nthawiyo. Chitsulo chotha chimalakwitsa tsiku lonse, sichidikira masana. Chimene chimasintha dzuwa likakwera ndi oyilo. Akatentha amapyapyala, ndipo ngati seal (yotsekera oyilo) ya silinda yokankha mbali ya kumanzere yayamba kutha, amazembera mkati momwemo, pansi osadontha ngakhale kadontho. Kutentha kwa Okutobala uno pansi pa malata mukukudziwa. Geji ya pa thanki ikuwerenga bwanji masana? Ikamapitirira madigiri 60, zinthu zaipa kale. Nanga cooler yoziziritsa oyilo munaiyang'ana liti?

aPhiri: Geji ili pa 67. Cooler ili kukhoma, mbali imene anyamata amagwiritsira grinder. Ndaunika ndi tochi, timipata tonse tatsekeka ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta, ngati phala la dzulo.

aNkhoma: Basi, yambirani pamenepo. Zimitsani pa isolator, swichi yaikulu ya magetsi, mangani loko, ikani matabwa olimba pansi pa ram, chitsulo chapamwamba chimene chimatsika popinda, musanalowetse dzanja. Uzirani cooler ndi kompuresa, muone ngati fani ikuzungulira. Sinthani fyuluta, ndipo muone mtundu wa oyilo. Akada kapena akamanunkha kupserera, thirani watsopano. Makina ambiri amafuna oyilo wa ISO VG 46, koma tsatani buku la makina anuwo. Wa m'zigubu zopanda chizindikiro musayese, mtengo wa pampu mudzaulira.

aMbewe, Southerton: Ndiwonjezereko pang'ono. Ngati ndi ya CNC, yoyendetsedwa ndi kompyuta, pukutani linear scale za Y1 ndi Y2, zoyezera katsikidwe ka ram kumanzere ndi kumanja, ndi kansalu kofewa, mumange mabawuti ake. Komanso magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, ram ibwerere kaye pa reference, malo ake oyambira. Anyamata amathamangira kuponda pedulo.

aBanda: Grinder isamuke pamenepo. Backgauge, yotsamirapo puleti kumbuyo, nayo ikudya fumbi lomwelo, ipatseni girisi.

aPhiri: Ndabweranso. Cooler tatsuka, fyuluta tasintha, dzulo geji sinapitirire 51. Kumanzere kwatsika kufika 91. Kadigiri kamodzi kakukanirirabe.

aNkhoma: Kameneko mwina ndi seal ija, kapena valavu ya mbali imeneyo. Oyilo atatentha, kwezani ram, ikani dial gauge (kawotchi koyezera kusuntha) mbali zonse ziwiri, muisiye mphindi 10. Kumanzere kukamatsika kokha, itanitsani seal kit, valavu muiyesenso musanamasule silinda. Mafelemu a Lachisanu pindani m'mawa kukadali kozizira. Ndipo matani kapepala pa thanki: cooler Lolemba lililonse, maola a fyuluta, ndi dzina la amene wachita.

aPhiri: Zikomo madala. Dial gauge ndibwereka kwa aBanda mawa.

aBanda: Mubwere isanakwane 8 koloko, ndipo ibwerere ndi bokosi lake.