Ndikufunafuna gawo lachiwiri la buku la Raul Hilberg

Moni nonse akuluakulu okonda mabuku akale. Ndimasonkhanitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito ofotokoza mbiri ya Germany mu ulamuliro wa chipani cha Nazi, kuyambira 1933 mpaka 1945, ndipo pano ndasowa mtengo wogwira.

Ndili ndi gawo loyamba ndi lachitatu la buku la Raul Hilberg lotchedwa The Destruction of the European Jews, lomwe a Holmes & Meier anasindikiza ku New York mu 1985 m'magawo atatu, koma lachiwiri ndilibe. Limeneli ndi lomwe likufotokoza mmene Ayuda ankasamutsidwira pa sitima zapamtunda kuchokera m'maiko osiyanasiyana a ku Ulaya kupita kumisasa yophera anthu, choncho popanda ilo nkhani yadukira pakati, pamene ndikufunitsitsa kumvetsa.

Ndafunsa kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu kuno ku Blantyre, ndafufuza m'masitolo a mabuku akale, ndipo pa intaneti ndikungopeza ogulitsa magawo onse atatu pamodzi, pamtengo umene ukaphatikiza ndi wotumizira sindingaukwanitse. Wina anandionetsa buku limodzi lofupikitsidwa la ophunzira, koma zambiri anazidulamo, kotero sindinalitenge.

Kodi alipo amene ali ndi gawo lachiwiri lokhalo ndipo angandigulitse, ngakhale chikuto chake chitatha, bola masamba onse alipo? Nanga ndikapeza la mu 2003 la Yale University Press, kodi manambala a masamba ake angagwirizane ndi a mabuku anga a mu 1985?