Concerto ya cello ya mu D major: n'chifukwa chiyani ena ankati si ya Haydn?

Nachisale:
Moni nonse. Ndamva kuti kwa zaka zoposa 100 akatswiri a nyimbo ankakayika ngati Joseph Haydn ndiye analemba concerto (nyimbo imene chida chimodzi chimatsogolera gulu la oimba) ya cello (chida chachikulu cha nsambo) ya mu kiyi ya D major, chikhalirecho nyimboyi inasindikizidwa mwini wake adakali moyo. Kodi kukayikako kunayamba bwanji, ndipo n'chiyani chinakuthetsa?

Mphunzitsi Phiri:
Zikomo mayi Nachisale. Haydn analemba nyimboyi mu 1783 ali mtsogoleri wa oimba a banja lolemekezeka la Esterházy, ndipo katswiri wa cello m'gululo anali Anton Kraft wa ku Bohemia, yemwenso ankaphunzira kupeka nyimbo kwa Haydn yemweyo. Kampani ya André ya ku Offenbach inaisindikiza cha m'ma 1804 pa nambala ya Opus 101, dzina la Haydn lili pachikuto. Mavuto anayamba mu 1837, Haydn ndi Kraft onse atamwalira, pamene buku lofotokoza za nyimbo lokonzedwa ndi Gustav Schilling linanena kuti mwini wake weniweni ndi Kraft. Ambiri anakhulupirira chifukwa gawo la cello ndi lovuta zedi: dzanja lamanzere limatsikira kutali pafupi ndi pothera bolodi la zala, chala chachikulu chili pa nsambo, ndipo kawirikawiri woimba amayenera kuliza nsambo ziwiri nthawi imodzi. Anthu ankati zoterezi angazilembe ndi munthu woimba cello yekha, ngati kuti Haydn sakanatha kufunsa mnzake amene ankaonana naye tsiku ndi tsiku. Mkanganowu unatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pamene mapepala olembedwa ndi dzanja la Haydn, okhala ndi chaka cha 1783, anapezeka ku Vienna.

Gogo Chisale:
A Phiri afotokoza bwino, koma ine ndikuona kuti amene anasokoneza kwambiri nyimboyi ndi François-Auguste Gevaert, mkulu wa sukulu ya nyimbo ya ku Brussels. Haydn anafuna zida zochepa, ma oboe awiri ndi ma horn awiri (zida zoliza ndi pakamwa) komanso zansambo basi, koma mu 1890 Gevaert anatulutsa yake imene anaikamo zida zoliza ndi pakamwa zambiri, nadula magawo ena, ena n'kuwalembanso. Kwa zaka zambiri anthu ankamva ya Gevaert n'kumaganiza kuti akumva Haydn. Ngati mukufuna kuiphunzira, mayi, yang'anani kaye dzina la mkonzi musanagule mapepala.

Nachisale:
Nanga concerto ina ya cello ya Haydn, ya mu C major, nayonso inakayikiridwa?

Mphunzitsi Phiri:
Imeneyo mbiri yake ndi yosiyana, chifukwa inasowa kwa zaka pafupifupi 200. Mu 1961 Oldřich Pulkert anaipeza m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko ku Prague, ndipo ngakhale mapepalawo anali okopera ndi dzanja la munthu wina, kuizindikira sikunavute, popeza Haydn anali atalemba kachiyambi kake m'kaundula wa nyimbo zake amene anayamba kusunga cha m'ma 1765. Miloš Sádlo anaiimba pagulu ku Prague mu Meyi 1962, gulu la oimba likutsogoleredwa ndi Charles Mackerras.