Mabuku a milungu, ndani ali ndi ena oti ndiwerenge?

Kamba265:
Anzanga ndamaliza Percy Jackson wa Rick Riordan ndipo mtima sukukhala mpansi. Chinandigwira ndi choti Zeus ndi Poseidon sali ngati ziboliboli, ndi azibambo okonda kukangana osalabadira ana awo, ndiye phiri la Olympus kuliika pamwamba pa Empire State Building ku New York eeh. Alipo ena otere koma a milungu ya kwina? Za Agiriki zandikwana kaye.

NaPhiri_wa_mabuku:
Achimwene sakani Children of Blood and Bone la Tomi Adeyemi, linatuluka 2018, maziko ake ndi ma orisha, milungu ya Ayoruba. Koma muziwerenga mukudziwa kuti Oya, Shango, Oshun amenewa anthu akuwapembedzabe ku Nigeria ndi Benin, mpaka ku Cuba ndi Brazil komwe anafika ndi anthu otengedwa ukapolo. Ku Osogbo chaka chili chonse khamu limapita kumtsinje kukalemekeza Oshun. Ndiye wolemba akamagwira milungu yotereyi ine ndimafuna aziyenda mosamala, si zongotola dzina chifukwa likumveka bwino ayi.

Mjomba_T:
Ine ndi a ku Norway ndi Iceland basi. Mafilimu anatisokoneza, mu nthano zenizeni Loki si mchimwene wake wa Thor, anachita pangano la magazi ndi Odin, ndipo zambiri tikuzidziwa chifukwa Snorri Sturluson anazilemba cha m'ma 1220 iyeyo ali Mkhristu kale. Chomwe chimandipha nacho ndichoti milungu imeneyi imadziwa kuti idzafa pa Ragnarok, nkhondo ya kutha kwa dziko, Odin anapereka diso lake pachitsime cha Mimir kuti apeze nzeru koma nzeru zomwezo zikumuuza kuti mmbulu wolusa Fenrir udzamumeza, komabe amadzuka nkumasonkhanitsa asilikali. Wolemba akaigwira bwino mfundo imeneyo sindigona.

Chisale_BT:
Mukupita kutali bwanji abale. Mbona, mlosi wa mvula, adani ake kumulondola mpaka kumudula mutu, kachisi wake ali ku Khulubvi ku Nsanje mpaka lero. Napolo njoka ya pansi pa phiri, madzi atagumula ku Phalombe 1991 anthu ankati wadutsa ndi iyeyo. Nanzikambe kuchedwa ndi uthenga wa Chauta buluzi nkufika kaye ndi wa imfa. Zonsezi ndi mabuku okha okha! Malemu Steve Chimombo anayamba kale ndi sewero la The Rainmaker ndi ndakatulo za Napolo, zikundiwawa kuti achinyamata sitikupitiriza.

NaPhiri_wa_mabuku:
Zoona a Chisale, koma zomwe ndanena za Oshun zikukhudzanso Mbona. Ku Khulubvi kuli akuluakulu osunga malo aja, wofuna kulemba akawaone kaye amve zomwe zimanenedwa poyera ndi zomwe sizinenedwa.

Kamba265:
Zikomo nonse, ndiyamba ndi la Adeyemi. A Chisale, The Rainmaker ingapezeke kuti? Mulaibulale mwina?