Za ntchito yosamalira ana ija: pomwe ndafika

Anzanga, paja ndinafunsa ngati munthu wopanda digiri angalembedwe ntchito m'nyumba zosungira ana ndi achinyamata ovutika. Ndinalembedwa, ndipo panopa ndili pa miyezi yoyesedwa.

Za digiri sanafunse n'komwe. Chomwe anaumirira ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, komanso anthu ondichitira umboni. Pa intavyu funso lolimba linali ili: mwana akakuululira kuti wina anamuchita nkhanza, n'kukupempha kuti usauze munthu, utani? Yankho lake n'lakuti usamulonjeze chinsinsi. Umvetsere osamupanikiza ndi mafunso, ulembe mawu ake momwe wawanenera, kenaka udziwitse woyang'anira chitetezo cha ana tsiku lomwelo.

Zondilemera ndi mashifiti a usiku ndi zolembalemba. Chilichonse chimalowa m'buku: wadya kapena wakana, mankhwala wamwa nthawi yanji, chamukwiyitsa n'chiyani. N'zotopetsa ndithu, koma wolowa m'mawa amadalira bukulo.

Tikuphunziranso pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe limati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Inu amene mwakhalitsa pantchitoyi, mumagona bwanji masana mukagwira ntchito usiku?