Kodi malamulo osankhira nthumwi za ku msonkhano waukulu ndi achilungamo?

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Chichitikireni msonkhano waukulu wa UTM muno mu Mzuzu mu Novembala 2024, pomwe a Dalitso Kabambe anasankhidwa kukhala mtsogoleri, ndakhala ndikulingalira za nthumwi. M'zipani zathu zonse, anthu odzaza holo imodzi ndi amene amasankha wodzaimira chipani pa mpando wa pulezidenti, ife enafe n'kungomva dzina pa wailesi. Ndimamva kuti ku America munthu wamba amaponya nawo voti. Kodi njira yawoyo ndi yachilungamo kuposa yathuyi?

Wa ku Luwinga:
Aphunzitsi, nakonso amasankha ndi nthumwi, kungoti zambiri zimagawidwa potsatira zisankho za chipulula za m'zigawo. Izi zinakhazikika pambuyo pa chaka cha 1968, pamene a Hubert Humphrey anasankhidwa ndi chipani cha Democratic ku Chicago asanapikisane nawo pa chipulula, anthu n'kukwiya kwambiri.

Vuto lili pa kagawidwe. A Democratic amagawa nthumwi molingana ndi mavoti, koma amene sanafike mavoti 15 pa 100 aliwonse sapatsidwa kanthu. A Republican amalola zigawo zina kupereka nthumwi zonse kwa wotsogola: mu 2016 a Donald Trump anatenga nthumwi zonse 99 za ku Florida ngakhale kuti mavoti awo sanafike theka. Ife amene tinaona khoti likugamula mu 2020 kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, zimenezi sizingatilowe. Ku chipani cha Democratic mu 2016 kunalinso nthumwi zapadera zotchedwa ma superdelegate zoposa 700, abwanamkubwa, aphungu ndi akuluakulu a chipani, omasuka kusankha amene akumufuna. Ambiri anali atanena kale kuti ali ndi mayi Hillary Clinton anthu asanayambe kuvota. Mayiwo anapambana ndithu pa mavoti a anthu, koma otsatira a Bernie Sanders, amene ankapikisana nawo, anati mpikisanowo unayamba wina ali kale patsogolo, ndipo mu 2018 chipanicho chinaletsa akuluakuluwo kuti voti yawo isamagamule mpikisano pa ulendo woyamba wovota ku msonkhano waukulu.

Mayi a ku Chibavi:
Bambo a ku Luwinga, kumeneko malamulowo amadziwika mpikisano usanayambe, ndipo ndi zimene ife zikutisowa. Ndinakhala mlembi wa komiti ya kudera m'chipani china chimene sindichitchula. Tsiku la chipulula cha phungu tinadzuka mbandakucha, nsalu ya chipani m'chiuno, koma pa geti mnyamata wonyamula mapepala anatiuza kuti mayina athu mulibe. Komiti yathu anali ataithetsa mwakachetechete, n'kuikamo anthu amene sindinawaonepo pa msonkhano uliwonse. Olowawo anavota poima pamzere kumbuyo kwa munthu wawo, owapatsa ndalama ya mayendedwe akuwayang'ana. Komiti zoterezi ndi zimene zimatumizanso nthumwi ku msonkhano waukulu, choncho amene wagwira cholembera cha mndandanda wasankha kale. Ine ndingakhutire mndandandawo utamatidwa poyera miyezi itatu tsikulo lisanafike, voti n'kukhala yachinsinsi.

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Zikomo nonse. Amayi, mfundo ya mndandanda ndagwirizana nayo. Chimene chikundivutabe ndi chiwerengero: nthumwi zikamagawidwa potengera kuchuluka kwa anthu, ife a kumpoto tidzakhala ochepa m'holo nthawi zonse, koma zikamagawidwa mofanana chigawo chilichonse, a pakati ndi kummwera adzati voti yawo yapepuka. Bambo a ku Luwinga, zigawo zing'onozing'ono ngati New Hampshire amaziwerengera bwanji kumeneko?