Ndiyambe ndi ndege iti pa DCS World?

Akuluakulu amene mumaulutsa ndege zankhondo pa kompyuta, ndithandizeni maganizo. Ndangoika DCS World, gemu ya pa kompyuta youlutsa ndege zankhondo, ndipo ndili ndi ndege ziwiri zaulere zija, Su-25T ndi TF-51D. TF-51D ilibe mfuti, ndiye ndinathamangira Su-25T. Kunyamuka sikundivuta, koma kutera ndiye ayi ndithu. Kasanu konse ndaphulitsa matayala pa bwalo la ndege la Batumi mu gemuyi. Ndegeyi ndi yolemera, pokhota imachita ngati ngolo yodzaza chimanga.

Kodi ndipirire nayo, kapena ndigule F-15C, yomwe sifuna kuti uzidina batani lililonse mu cockpit (momwe mumakhala woyendetsa ndege)? Mnzanga wina akuti ndingopita ku F/A-18C, koma buku lake la malangizo lokhalo landiopsa kale.

China ndi cha difficulty, pomwe umasankha kuti gemu ikhale yovuta kapena yofewa. Panopa ndinayatsa mafuta osatha, zida zosatha ndi tizilembo toonetsa pomwe pali adani. Ndikuopa kuzolowera zofewa, n'kudzachita manyazi ndikadzakumana ndi anthu enieni pa intaneti. Inuyo munayamba kuzimitsa chiti?

Ndili ndi joystick ya Logitech Extreme 3D Pro yokha, ndilibe ma pedal (zopondera ndi mapazi) kapena TrackIR (kachipangizo kotsatira mutu ukamatembenuka). Ingandikwanire poyambira?