Mwana wabadwa sakudziwika ngati ndi mwamuna kapena mkazi, m'buku alemba DSD, ndi chani chimenechi?

NaBanda_Khombedza:
Abale ndithandizeni. Mng'ono wanga wachira sabata yathayi, mwana akuyamwa bwinobwino koma kumaliseche sikukuoneka ngati ndi mwamuna kapena mkazi. M'buku la kuchipatala alemba DSD ndipo atitumiza ku Kamuzu Central kukayezetsa magazi, ndiye ine ndasaka pa foni ndapeza ena akuti intersex ndipo dzina la DSD lo akudana nalo. Agogo kuno akuti ndi malodza, bambo a mwana akufuna opaleshoni msanga asanatuluke m'chikuta poopa pakamwa pa anthu.

Nesi_wa_pa_Boma:
Achemwali za mayinazo ziyambe zadikira, pitani ku Lilongwe mawa lomwe. Ana ena obadwa chonchi amakhala ndi vuto lotchedwa CAH, thupi limataya mchere, mwana amayamba kusanza, kufooka, kukana bere, liwombo kulowa m'kati, ndipo zimatha kupha masabata oyambirira omwewa. Magaziwo akufuna aone zimenezo. Mankhwala ake alipo. Koma opaleshoni yongokonza maonekedwe ilibe changu ngati mwana akukodza bwino.

Mphunzitsi_Chipoka:
A Nesi anena zoona. Pa dzinapo, DSD inachokera ku msonkhano wa madokotala ku Chicago mu 2005, ndi chidule cha disorders of sex development, ndipo D woyambayo, disorders, akunena kuti thupi lasokonekera pa kakulidwe ka ziwalo zachimuna kapena zachikazi. Eni ake ambiri obadwa chonchi anakana, amati mukangolemba kuti chasokonekera basi makolo amathamangira mpeni kuti akonze, pomwe ena mwa iwo anadulidwa ali makanda nkuleredwa ngati atsikana kenako atatha msinkhu mawu kukula ndevu kumera, chodulidwa sichibwereranso. Nchifukwa chake madokotala ena masiku ano amati differences, kusiyana chabe. Malta inaletsa maopaleshoni otere pa ana mu 2015 pokhapokha pali chifukwa cha umoyo, ndipo Kenya pa kalembera wa 2019 inawerenga anthu 1,524 a intersex. Si malodza ayi, auzeni agogowo mwaulemu.

Kondwa_SengaBay:
Aphunzitsi zonsezo ndi zabwino koma ife kuno ndani anganene intersex pa mjigo? Anthu amangoti wa ziwalo ziwiri, ndipo akamva chizungucho ena amasakaniza ndi nkhani za mathanyula zomwe sizikugwirizana nkomwe, uyu ndi khanda wabadwa choncho. Ine ndiye ndingoti mpatseni dzina lolowa konsekonse, Chisomo kaya Mphatso, akafunsa muziti madokotala akumuonabe. Komanso musalole aliyense kumuvula thewera kuti aone kapena kujambula, chithunzi chikalowa pa WhatsApp mwanayo adzachipeza ali ku sekondale.

NaBanda_Khombedza:
Zikomo nonse. Tapeza ya thiransipoti, tinyamuka m'mamawa pa Kamuzu Road. Bambo akewo ndawawerengera zomwe alemba a Nesi, avomera kupita nawo, koma za opaleshoni akuti akamve okha kwa adokotala.